Funsani Malume: Kugona mu hotela ya Taj ku Mumbai

Chitchulireni m'danga lino kuti ine ndi mayi akunyumba tinagonapo masiku awiri mu hotela ya Taj Mahal Palace ku Mumbai, makalata ofunsa za malowa sakuleka kubwera. Ndasankhapo asanu. Ena ndawadula pang'ono kuti malo atikwanire.

Malume, bambo akunyumba akuti tikapita ku India akandigoneka mu Taj Mahal. Ine kusukulu ndinaphunzira kuti Taj Mahal ndi manda. Kodi anthu amagonamo? — Mayi E.C.

Mayi, zomwe munaphunzira n'zoona, komanso bambo akunyumbawo sakukunamizani. Pali zinthu ziwiri za dzina limodzi. Taj Mahal ya miyala yoyera ija ili mumzinda wa Agra, kumpoto kwa India, ndipo ndi manda amene mfumu Shah Jahan inamangira mkazi wake Mumtaz Mahal, yemwe anamwalira mu 1631. Kumeneko munthu amakaona masana n'kutuluka, ndipo Lachisanu alendo salowa. Hotela ija ili ku Mumbai, m'mbali mwa nyanja, mtunda woposa makilomita 1,000 kuchokera ku Agra. Inangobwereka dzina.

Anaimanga ndi Jamsetji Tata, mkulu wa zamalonda amene anayambitsa makampani a Tata, ndipo inalandira alendo oyamba pa 16 Disembala 1903, mzindawo ukutchedwabe Bombay. Dzina loti Mumbai linakhazikitsidwa mu 1995. Mwini wakeyo sanaidyerere, chifukwa anamwalira chaka chotsatira, mu 1904. Mukafuna kuona zonse ziwiri paulendo umodzi, konzani ndege ina yopita ku Delhi, kenako sitima kapena galimoto mpaka ku Agra. Si ulendo wopita m'mawa n'kubwerako madzulo.

Malume, ine ndi mkazi wanga tikukwanitsa zaka 25 tili m'banja. Mwana wathu amagwira ntchito ku Mumbai ndipo watiitana. Ndasunga ndalama yoti ndimusangalatse mayiyu. Pa intaneti ndikuona Taj Mahal Palace ndi Taj Mahal Tower, mitengo yosiyana kwambiri. Ndalama yanga ikukwana masiku atatu ku Tower kapena tsiku limodzi ndi kachenje ku Palace. Nditani? — Bambo G.K.

Achimwene, tengani tsiku limodzi ku Palace. Masiku enawo mukagone kwa mwana wanu. Ndiyankha motalikirapo chifukwa funso lanuli ndi limene anthu ambiri amalakwitsa, ndipo amadzazindikira atafika kale.

Nyumbazi ndi ziwiri zolumikizana. Palace ndi yakale ija ya 1903, ya denga lofiira lozungulira ngati mphika wovundikira, imene mumaiona pa zithunzi. Tower ndi yaitali yoyera ili pambali pake, yosanjikizana kuposa ka 20, ndipo inatsegulidwa mu 1973 pamalo pomwe panali hotela ina yakale yotchedwa Green's. Malo odyera, dziwe losambiramo ndi chipinda cholandirira alendo mumagwiritsa ntchito limodzi. Zipinda za ku Tower ndi zabwino ndithu, zaukhondo, ndipo zapamwamba zimaonetsa nyanja patali. Koma chipinda chotere mungachipeze mu hotela yodula iliyonse padziko lapansi. Chimene simungachipeze kwina chili ku Palace.

Ife tinafika masana m'mwezi wa Febuluwale, titatopa ndi magalimoto a mumsewu. Mtsikana wovala sari, nsalu ya amayi a ku India, anativeka nkhata ya maluwa m'khosi n'kutipaka kadontho kofiira pamphumi, ndiko kulandira mlendo kwawoko. Kenako mnyamata wina anatitsogolera kudutsa kakhonde ka masitolo, ndipo mwadzidzidzi tinangopezeka tili pansi pa masitepe aakulu a ku Palace. Mayi akunyumba anaima chilili. Masitepewo amakwera mozungulira m'mbali mwa khoma, opanda mzati wowachirikiza pakati, ndipo ukakweza maso umaona nsanjika iliyonse ndi zitsulo zake zokhotakhota mpaka m'kati mwa denga lofiira lija. Chikepe chilipo, koma ife masiku onse awiri tinkakwera wapansi, pang'onopang'ono, tikupumira pa nsanjika iliyonse.

Makonde a zipinda ndi aatali, ndipo pakati pake anasiya mpata woti mpweya uziyenda kuchokera pansi mpaka pamwamba, chifukwa anamanga makina oziziritsa m'nyumba asanafale. M'makoma muli zithunzi zojambula pamanja, m'ngodya muli mipando ndi mabokosi akale amatabwa ogoba. Kuseri kwa tebulo lolandirira alendo kuli chithunzi chachikulu chofiira cha M. F. Husain, mmodzi mwa akatswiri otchuka a zojambula ku India. Mapulani a nyumbayi analemba ndi amisiri a ku India komweko, Sitaram Khanderao Vaidya ndi D. N. Mirza, ndipo amene anamaliza ntchitoyo ndi Mngelezi W. A. Chambers. N'chifukwa chake mukayang'anitsitsa muona mazenera osongoka ngati a tchalitchi cha ku Ulaya ali pafupi ndi timakonde ndi timadenga ta mamangidwe achisilamu ndi a ku Rajasthan, chigawo china cha India.

Mudzamva anthu akunena kuti amisiri anatembenuza pulani, hotela n'kufulatira nyanja, ndipo wolemba pulaniyo anadzipha ndi manyazi. Ndi nthano chabe. Khomo lalikulu analiika dala kumbali ya kumtunda, kumene lero kuli dziwe losambiramo, kuti zipinda zambiri ziyang'ane kunyanja.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Polipira, onetsetsani kuti palembedwa Palace, komanso kuti chipindacho ndi choyang'ana kunyanja. Zilipo zoyang'ana ku dziwe ndi kumzinda, zotsikirapo mtengo, koma pa tsiku limodzi lokha musaumire pamenepa. Ine ndinadzuka kusanache n'kutsegula makatani. Pansi pa zenera pathu panali chipata chachikulu chamiyala chotchedwa Gateway of India, bwalo lake lili mbee, osesa okha ndi nkhunda. Kuseri kwake maboti amatabwa opaka utoto ankagwedezeka pamadzi, ndipo kutali kunkaoneka magetsi a sitima zikuluzikulu zodikira kulowa padoko. Hotelayi inayang'ana kummawa, ndiye dzuwa limatulukira pamadzi, moyang'anizana ndi zenera lako. Ndinawadzutsa mayi akunyumba. Tinakhala pamenepo pafupifupi ola lathunthu, tiyi ali m'manja, osalankhulana zambiri, mpaka bwalo lija linadzaza ndi ojambula zithunzi, ogulitsa zibaluni ndi mabanja ochokera m'madera onse a India.

Chipata chimenecho anachimanga pokumbukira kubwera kwa Mfumu George V ndi Mfumukazi Mary a ku Britain mu 1911, ndipo chinatha mu 1924. Ndiye kuti hotelayi ndi yaikulu kwa chipatacho ndi zaka zoposa 20. Asilikali omaliza a Britain anatulukira pomwepo pa 28 Febuluwale 1948, India italandira kale ufulu wodzilamulira. Munthu amene anaima pa zenera limene ndinaimapo ine tsiku limenelo anaona atsamunda akukwera maboti.

Kuti tsiku limodzilo likukwanireni, fikani msanga. Ngakhale chipinda chisanakonzeke, katundu amakusungirani ndipo mutha kukhala ku dziwe. Funsani za ulendo woyendera nyumbayi umene amakonzera alendo ogona, pamene wantchito wodziwa mbiri amakuzungulitsani. Amakuuzani za nthawi ya nkhondo yoyamba yapadziko lonse pamene hotelayi inasanduka chipatala cha mabedi 600, komanso za woimba wa ku India Ravi Shankar amene anaphunzitsiramo George Harrison wa gulu la Beatles kuimba sitar, choimbira cha zingwe, mu 1966. Ndipo polembetsa, auzeni kuti ndi chikondwerero cha zaka 25 za ukwati. Musachite manyazi. Anthu aja nkhani zotere amazitenga ngati zawo.

Malume, kodi si hotela yomwe ija zigawenga zinapha anthu? Mchemwali wanga akufuna kukagonako ndipo ine mtima suli m'malo. — Mayi T.M.

Ndi yomweyo, mayi, ndipo sindikubisirani. Usiku wa pa 26 Novembala 2008, anyamata 10 a gulu la Lashkar-e-Taiba anafika ku Mumbai pa boti kuchokera ku Pakistan. Anagawana malo: siteshoni yaikulu ya sitima, malo odyera a Leopold Cafe, hotela ya Oberoi Trident, nyumba ya Ayuda ya Nariman House, ndi Taj. Mumzinda monse anapha anthu oposa 160. Mu Taj munafa anthu 31, ndipo nkhondo yake inatha m'mawa wa pa 29 Novembala. Dziko lonse linaona pa kanema utsi ukufuka pafupi ndi denga lofiira lija. Chigawenga chimodzi chokha, Ajmal Kasab, ndi chimene chinagwidwa chamoyo, ndipo chinanyongedwa mu 2012.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene ndikufuna muidziwe, chifukwa ndi imene inandichititsa ine kufuna kukagona kumeneko. Antchito a mu hotelayi ankadziwa makomo onse akuseri. Akanatha kuthawa mphindi zoyambirira zomwe. Ambiri sanathawe. Olandira mafoni anabwerera pa mipando yawo n'kumaimbira chipinda chilichonse kuti alendo akhome zitseko ndi kuzimitsa magetsi. Ophika ndi operekera zakudya anatsekera alendo m'zipinda zodyera, kuwapatsa madzi usiku wonse, kenako n'kuwatulutsa kudzera kukhitchini, iwo ataima mzere kuwatchinga ndi matupi awo. Antchito 11 anafera pomwepo. Mkulu wa hotelayi pa nthawiyo, Karambir Singh Kang, anapitiriza kutsogolera ntchito yopulumutsa anthu ngakhale mkazi wake ndi ana ake aamuna awiri anafera m'chipinda chawo pa nsanjika yachisanu ndi chimodzi. Msilikali wina, Major Sandeep Unnikrishnan, anaphedwanso m'nyumbamo akulimbana ndi zigawengazo.

Mbali ya Tower inatsegulidwanso pasanathe mwezi, mu Disembala 2008. Palace inatenga nthawi kukonza ndipo inatsegulidwa mu Ogasiti 2010. Mu Novembala chaka chomwecho Barack Obama anagona momwemo, ndipo analankhula pokumbukira ophedwawo.

Pafupi ndi polandirira alendo pali khoma limene madzi amatsetserekapo, ndipo pamenepo analembapo mayina a onse amene anafa. Ine ndinapita kukaima pamenepo usiku, anthu atachepa. Mayinawo ndi a mitundu yosiyanasiyana, ena a alendo, ena a ophika, ndipo sanasiyanitse kuti uyu anali bwana, uyu wantchito. Bambo wina wachikulire wa yunifolomu anandipeza ndikuwerenga. Sindinamufunse kanthu, naye sananene kanthu. Anangoima pambali panga pang'ono, n'kugwira pachifuwa, n'kubwerera ku ntchito yake.

Za chitetezo cha lero, galimoto imayamba yaunikidwa isanafike pakhomo, chikwama chilichonse chimadutsa m'makina, ndipo munthu aliyense amadutsa pa chitseko chounikira zitsulo ngati ku bwalo la ndege. Apolisi amakhala pa bwalo la Gateway usana ndi usiku. Palibe angakulonjezeni kuti choipa sichingachitike pena paliponse, pajatu chakudza sichiimba ng'oma. Koma ine ndinagona tulo tabwino m'nyumba imeneyo, ndipo mchemwali wanu ndingamulole kupita ndi mtima umodzi.

Malume, ndikupita ku Mumbai kukagula katundu wa bizinesi ndipo ndalama yogona ku Taj ndilibe. Kodi munthu wamba, wakuda ngati ine, angalowe kukangoona? Sakandibweza pakhomo? — Achimwene L.B.

Lowani, achimwene. Malo odyera ndi masitolo a m'katimo ndi a aliyense, ogona ndi osagona. Kokhako kumene simungafike ndi ku makonde a zipinda ndi ku dziwe.

Funso lanu landikumbutsa nkhani imene aliyense ku Mumbai amakamba, yoti Jamsetji Tata anabwezedwa pakhomo pa hotela ya azungu, imene ambiri amati ndi Watson's, ndipo anapsa mtima n'kulumbira kuti adzamanga yake yoposa pamenepo. Akatswiri a mbiri yakale amaikayikira nkhaniyi. Iwo amati chimene chinamukankha n'chakuti mzindawo unali utangosautsidwa ndi mliri umene unayamba mu 1896, ndipo iye ankafuna kuubwezera ulemu wake. Kaya zoona ndi ziti, chodziwika n'chakuti Taj inali ya Mmwenye ndipo inkalandira Amwenye pa nthawi imene makalabu ambiri a azungu ankawakaniza. Nyumba ya Watson's ikadalipo m'dera la Kala Ghoda, chapafupi pomwepo, yokalamba ndi yotsekedwa.

Ine m'katimo palibe anandiyang'ana moderera. Kunja, pa bwalo la Gateway, ndi kumene anthu amakuyang'anitsitsa, ndipo ena amapempha kujambulitsa nawe. Ambiri ndi ochokera kumidzi amene sanaonepo munthu wa ku Africa maso ndi maso. Mukafuna vomerani, mukapanda kufuna kanani mwaulemu n'kupitiriza ulendo.

Njira yabwino yolowera ndi kukamwa tiyi wamadzulo ku Sea Lounge, pa nsanjika yoyamba ya Palace. Kuti mukafike kumeneko mumakwera masitepe aakulu aja, ndiye mwaona kale chinthu chokongola koposa m'nyumbamo. Imbani foni kapena lembetsani pasadakhale, ndipo pemphani tebulo la pazenera. Amabweretsa makeke ndi masangweji a chingelezi, komanso zakudya za m'misewu ya Mumbai monga bhel puri ndi sev puri, zowawasa, zotsekemera ndi zatsabola nthawi imodzi. Kwa zaka zambiri mabanja a mumzindawo akhala akukumanirana pamenepo pokambirana za ukwati wa ana awo, ndipo ife tinaonadi tebulo lina, mnyamata ndi mtsikana atakhala moyang'anizana, maso pansi, makolo akucheza mokweza. Ngati tiyiyo wakulemerani m'thumba, pitani ku malo odyera a Shamiana pansi, mukamwe khofi yekha. Kulinso Harbour Bar, imene inatsegulidwa mu 1933 ndipo imadziwika kuti ndi bala yoyamba kulandira laisensi mumzindawo.

Zovala, valani buluku lalitali, shati ya kolala ndi nsapato zotseka. Suti si yofunika. Ndipo mukaona galu wa mumsewu atagona pakhomo osathamangitsidwa, musadabwe. Malemu Ratan Tata, amene anatsogolera makampani a Tata zaka zambiri ndipo anamwalira mu Okutobala 2024, ankakonda agalu kwambiri ndipo analamula kuti asamazunzidwe pamalo ake.

Malume, tiuzeni mwezi wabwino wopitira, komanso zimene tingaone pafupi popanda kuwononga ndalama zambiri. — Mayi R.S.

Pitani pakati pa Novembala ndi Febuluwale. Kumakhala kouma ndipo madzulo kumawomba kamphepo ka kunyanja. Epulo ndi Meyi kumatentha ndi chinyontho chomata zovala pathupi. Kuyambira Juni mpaka Seputembala ndi nyengo ya mvula yamphamvu, misewu ina imasefukira ndipo maboti amaima masiku ambiri. Mitengo ya zipinda imatsika nthawi imeneyo, ndipo ena amakonda kuonera mafunde akumenya khoma ali pa zenera, koma walira mvula walira matope.

Bwalo la ndege lili kumpoto, hotela ili ku Colaba, kunsonga ya kummwera. Mtunda wake ndi makilomita 25 kapena kuposerapo pang'ono, koma konzekerani ola limodzi kapena awiri malinga ndi nthawi. Mlatho wa pamwamba pa nyanja wa Bandra-Worli, umene unatsegulidwa mu 2009, ndi msewu watsopano wa m'mbali mwa nyanja zafupikitsako ulendowu. Takisi lipirirani pa kauntala ya m'bwalo la ndege momwemo, kapena itanani ya pa foni.

Pa nkhani ya bilu, safunsa anadya phula. Mtengo wa chipinda ndi ma rupee (ndalama za ku India) masauzande makumi angapo pa usiku umodzi, ndipo umasintha ndi nyengo. Pamwamba pake boma limaikapo msonkho wa GST, umene pa zipinda zopitirira 7,500 rupees ndi 18 peresenti, choncho funsani ngati mtengo umene mwauona waphatikiza kale msonkho ndi chakudya cham'mawa. Pasipoti ndi viza zikhale pafupi pofika, chifukwa lamulo la India limafuna hotela iliyonse ilembetse mlendo wakunja ku boma. Amatsekanso ndalama ina pa khadi lanu ngati chikole, imene imabwerera mukatuluka. Amene amamwa adziwe kuti pali masiku amene mowa sugulitsidwa m'mabala a mumzindawo, monga pa 2 Okutobala, tsiku lobadwa la Mahatma Gandhi.

Zoona pafupi n'zambiri, ndipo zambiri n'zoyenda wapansi. Kuseri kwa hotela kuli msewu wa Colaba Causeway, wodzaza ndi ogulitsa nsalu, nsapato ndi mikanda, kumene mtengo woyamba sumakhala womaliza. Mukayenda mphindi 10 kapena 15 mufika ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chhatrapati Shivaji Maharaj Vastu Sangrahalaya, imene kale inkatchedwa Prince of Wales Museum. Mukapitirira ulendo mufika pa siteshoni ya sitima ya Chhatrapati Shivaji Maharaj Terminus, kale Victoria Terminus, imene UNESCO inaiika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2004. Kaioneni usiku itayatsidwa magetsi. Madzulo kakhaleni pa khoma la Marine Drive pamodzi ndi eni mzinda, dzuwa likulowa m'nyanja ya Arabia. Pamenepo salipiritsa.

Ngati muli ndi theka la tsiku, kwerani boti pa Gateway pomwepo kupita ku chilumba cha Elephanta. Ulendo wake ndi wa ola limodzi. Kumeneko kuli mapanga ogobedwa m'thanthwe zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo m'kati mwa phanga lalikulu muli chosema cha Shiva, mulungu wa Ahindu, cha nkhope zitatu, chotalika pafupifupi mamita 6. Lolemba amatseka. Pali masitepe oposa 100 okwera phiri, ndiye nyamukani ndi boti la m'mawa kusanatenthe, mutenge madzi, ndipo chakudya mubise m'chikwama chifukwa anyani a kumeneko amalanda m'manja.

Pobwerera khalani kutsogolo kwa boti, pamwamba ngati alola. Mzinda umayamba kuoneka ngati mzere wotuwa, kenako nyumba zitalizitali, kenako denga lofiira lija limatulukira pang'onopang'ono kuseri kwa chipata. Apaulendo a pa sitima za kale ankayamba kuona denga limenelo asanaone china chilichonse cha Bombay, ndipo oyendetsa sitima ankaligwiritsa ntchito ngati chizindikiro polowa padoko. Mayi akunyumba anajambula zithunzi zambiri paulendo wonsewo, koma chimene anachiika m'felemu n'cha pa boti limenelo, chopendekeka pang'ono chifukwa cha mafunde.